Muvi wa a Levulo

Mainasi ija ndinaiika ndine. Ndikuzinena poyera chifukwa Loweruka lapitali, pa mwambo wotsegulira chiliza cha a Jailosi Mbewe, mkulu wina wa mpingo anaimirira n'kuuza anthu kuti malemuwa anavutika ndi kompyuta yowonongeka koma anapirira mofatsa. Mabodza awiri asanapume n'komwe. Kompyuta inalibe vuto. Ntchito yonse inali ya chala changa ichi, ndipo zimandiwawa kuti mbiri yake akuipereka kwa makina. Za kufatsazo ndiye musandiyambe dala. Ine ndinkakhala nawo pakhonde pawo masana aliwonse kuyambira ndili Fomu 2, ndipo sindikumbukira tsiku limene sananditchule mbuzi.

Kuno ku Lifuwu dzina loti a Mbewe linkamveka kutchalitchi kokha. Kwina konse anali a Levulo. Pa nthawi yawo ankapima misewu, ndipo atapuma pantchito anabwerera kumudzi ndi njinga yakapalasa, tepi yoyezera, ndi kalevulo kachikasu koyezera kupendekera kwa zinthu, kamene kankagona m'thumba la jekete. Ukawapatsa mpando, ankayamba auyeza kaye. Ukawaikira tiyi pa tebulo lopendekera, ankapinda kapepala n'kuika pansi pa mwendo wa tebulolo, tiyi n'kumazizira, iwe n'kumadikira. Mlendo akawafunsa njira ya kudoko, sankanena kuti ndi pompano ngati anthu ena onse. Ankamuuza mamita, potsetsereka ndi pokwera, mpaka mlendoyo ankathokoza n'kukafunsa mwana.

Mmisiri amene anamanga khonde la tchalitchi chathu anamuuza pamaso pa anthu kuti madzi a mvula adzalowa mpaka kuguwa. Ankakonda kunena kuti munthu akhoza kunamiza mkazi wake ndi abusa omwe, koma madzi sangawanamize. Mvula itabwera madzi n'kulowadi, sanakhale chete ngati munthu wamkulu ayi. Anatenga ambulera n'kukagogoda kwa mmisiriyo kuti abwere adzaone yekha. Awiriwo sanayankhulanenso, ndipo mmisiri yemweyo ndi amene wamanga chilizachi. Ndachiyeza ndi kalevulo kaja, kamene ndinakasunga tsiku la maliro popanda wondipempha. Chapendekera kumanzere.

Ine ndinafika m'manja mwawo ngati chilango. Nditaika chule m'kabati ya aphunzitsi a sayansi, amayi anati popeza nzeru zandichulukira, ndizikathandiza agogo oyandikana nafe pa kompyuta. Mwana wawo, anti Esinati a ku Lilongwe, anali atawatumizira laputopu yokhala ndi pulogalamu yojambulira mizere ndi mikombero ya masamu, kuti azitayirapo nthawi m'malo momakangana ndi amisiri. Iwo ankaitchula kuti a Kalaliki, ndipo sankaigwira. Ankati kuntchito bwana salemba yekha, amangonena, wina n'kumatayipa. Ndinawakhulupirira kwa masiku ochepa chabe. Tsiku lina ndinawatulutsira lilime ndili pafupi nawo chonchi, iwo n'kumangopitiriza nkhani ya ngalande. Maso onse awiri anali atachita ng'ala. Mzere wonenepa wofiira ankauona akagunditsa mphuno pagalasi, koma zilembo ayi. Ankabisa. Kutchalitchi ankatsegula Baibulo n'kumawerenga za pamtima.

Chimene ankabisira n'chakuti anti Esinati ankafuna kuwatenga. Chimwalirireni agogo aakazi, foni iliyonse inkathera pomwepo: bambo mwakula, musamakhale nokha, kuno kuli chipinda. Ankawafunsa timafunso towayesa, kuti lero n'lachingati, kuti dzulo anadya chiyani. A Levulo ankayankha molondola koma mokalipa, ndipo akadula foni ankanena kuti nyumba ya mpanda wa njerwa ndi manda okhala ndi wailesi yakanema, iwo pakhonde pawo adzachokapo atanyamulidwa. Ankadziwa kuti akangophonya funso limodzi, galimoto ibwera.

Ndiye panali kona. Madzi osefukira atakokolola msewu wakale wa kudoko, woyendetsa gireda anangodula njira yatsopano mozungulira minda ya mpunga, n'kusiya kona imene imayamba bwinobwino kenaka n'kupindika mwadzidzidzi. M'kati mwake muli munda wa mayi Naphiri. Kunja kwake kuli ngalande ndi bango. Akabaza a njinga zamoto akhala akugwera m'ngalandemo ndi mabasiketi a usipa, ndi matumba a mpunga, tsiku lina ndi mkwatibwi. A Levulo kona imeneyi inkawasowetsa mtendere. Ankati msewu wabwino sudzidzimutsa munthu, umakhota mochita kupempha, pamene uwu umakhota ngati mbama. Anaganiza zoiyeza, kuijambula pa kompyuta, n'kukaonetsa a komiti ya chitukuko malo enieni amene inalakwika. Ine ndinakoka tepi pa dzuwa la Salima lija ndikuwawerengera manambala, iwo n'kumandikalipira kuti ndikutafuna mawu. Tinaika madontho onse m'pulogalamu muja n'kuwalumikiza ndi mzere wokhota. Kona inatuluka ndendende.

"Tsopano uwauze a Kalaliki atipatse muvi wa kukhota," anatero.

"Muvi wa chiyani, agogo?"

"Kusukuluko mumakatani, kuweta achule? Ika kadontho pamzerepo. Paliponse pamene waima, msewu umakhala ukukukokera mbali ina. Muvi umaloza mbali imeneyo, m'kati mwa kona, kumene kuli pakati pa mkombero umene ungakwane bwino pamenepo. Pokhota kwambiri muvi utalika. Powongoka usowa. Uziyendetsa kadonthoko. Pamene muvi watalikitsitsa, ndi pamene wa gireda uja anali ataledzera."

Ndinapeza lamulo lake m'pulogalamumo, ndinalemba dzina la kadontho ndi la mzere, n'kudina. Palibe chinaoneka. Ndinadinanso. Iwo anakalipira a Kalaliki, anakalipira ine, kenaka anadzimenya pamphumi. Anati muviwo ulipo koma ndi waung'ono ngati nsabwe, chifukwa kutalika kwake ndi wani kugawa ndi kutalika kwa chingwe chimene ungajambulire mkomberowo, ndipo kona yathu ndi ya mamita ambiri. Anati ndiuchulukitse ndi faifi handiredi, ndiupake kufiira, ndiunenepetse.

Tsiku limenelo sukulu yathu inkasewera mpira ndi anyamata a ku Chinguluwe. Ndinali nditapempha kuti ndipite, iwo n'kundiuza kuti mpira ndi mkombero womwewu, ndiuonere pano. Wezulo inkamveka pakhonde pomwepo, anthu akukuwa chigoli, ine ndili kalikiliki kuchulukitsa nsabwe ndi faifi handiredi. Ndiye kutsogolo kwa faifi handirediyo ndinaikako kamzere kakang'ono, ka mainasi. Aliyense wa Fomu 2 amadziwa zimene mainasi imachita ndi muvi. Imautembenuza.

Muvi unatuluka wofiira, wonenepa, wokongola, ukuloza kubango.

A Levulo anagunditsa mphuno pagalasi. Anapukuta magalasi awo ndi mpango, n'kugunditsanso.

"Ukuloza kunja uwu."

"Ine ndangolemba zimene mwanena, agogo."

"Yendetsa kadontho."

Ndinayendetsa. Muvi unkatalika poyenera kutalika, n'kufupika poyenera kufupika, koma nkhope ili kunja ngati mwana wonyanyala.

"Jambula mkombero wamba. Uyese pamenepo."

Ndinajambula, n'kukopera lamulo lomwe lija ndi mainasi yake yomwe. Muvi unaloza kunja kwa mkombero. Kenaka anandifunsa motsitsa mawu ngati tsikulo linalidi Lachitatu. Ndinati eya. Maganizo oulula anandibwerera pang'ono, koma kubwalo kunamveka chigoli china chimene sindinachione, mtima n'kuumanso gwa.

Zikanathera pakhonde pomwepo pakanapanda Che Saidi. Amenewa ndi eni makoka a kudoko, ndipo anali mnzawo wa a Levulo. Ubwenzi wawo unali wokangana basi: za bawo, za mvula, za ngati boti la Che Saidi ndi lopendekera. Anafika mawa lake, anasuzumira pagalasi, n'kuomba m'manja.

"Wallahi, makinawa ndi anzeru! Mbewe, chakuvuta n'chiyani? Onse amene anagwa pakona paja anagwera kuti? Kubango. Muvi ukuloza kuti? Kubango."

"Muvi suloza kogwera, Saidi. Umaloza kumene msewu ukukukokera. Wogwera kubango ndi amene wakana kukokedwa."

"Iwe unakwerapo njinga yamoto? Umangoyenda ndi chikapalasa chakocho ngati katekisiti. Thupi limapita kunja, bwanawe. Mwana wanga Yusufu dzino analisiya m'bango, osati m'munda mwa Naphiri."

"Mwana wako Yusufu amayendetsa ngati akuthawa ng'ona."

"Ndiye kangana ndi makina ako, ine undisiye."

Pofika masana nkhani inali pa siteji ya akabaza. Akamadutsa pakhomo ankaliza hutala n'kukuwa kuti, "Madala, kompyuta yakuwinani!" Ena ankatsika kudzaona muviwo, ine n'kumawaonetsa mwaulemu wonse, kuwayendetsera kadontho uku ndi uku. Sindinayembekezere kuti bodza langa lingapeze mboni zochuluka chonchija, zina za zipsera.

Masiku amenewo a Levulo sankadya bwino. Ankajambula mikombero pansi ndi ndodo n'kumayankhula okha. Mtedza wokazinga umene ankandisungira m'kachitini, n'kumanena kuti ndi wa makoswe, anaiwala kuugula. Kenaka m'mawa wina anabwereka chingwe cha khoka kwa Che Saidi omwewo, anasema chikhomo, anapinda buluku mpaka m'mawondo, n'kulowa m'munda mwa mayi Naphiri, mpunga atangowokera kumene. Ine ndinali kumsewu ndi nsonga ya chingwe. Ankakhoma chikhomo m'matope, ine n'kuyenda ndi chingwe chokoka motsatira kona. Chikapanda kugwirizana ndi msewu, ankazula n'kukakhoma pena. Pena anaterereka n'kugwa chagada. Mayi Naphiri anafika akuthamanga, chitenje m'manja, akulira mbande zawo. Anthu anadzaza msewu. Potsiriza chikhomo chinapeza malo ake. Ndinayenda pokhota kwambiri paja chingwe chili chokoka, osaperewera osatsalira, phazi langa lili m'mphepete mwa msewu ndendende.

"Mwaona?" anakuwa, matope ali mpaka m'makutu. "Pakati pake ndi pano! M'kati! Muvi uyenera kuloza ine!"

Palibe anaona chilichonse. Anthu anaona nkhalamba yamatope ikukuwa m'munda mwa eni kuti muvi uloze iyo. Mayi wina anagwira pakamwa n'kunena kuti pepani, zayamba. Wina anajambula pafoni. Dzuwa lisanapendeke, kanemayo anali atafika ku Lilongwe.

Galimoto inabwera Loweruka, ndi masutikesi awiri opanda kanthu. Anti Esinati anakhala pampando wa pakhonde osauyeza. Che Saidi analipo, amayi anga analipo, ine ndinali pa laputopu ndi nkhope ya mwana wa kwaya.

"Bambo, kompyuta silakwitsa masamu. Inuyo mwatopa. Palibe chamanyazi apa."

"Ine ndapima misewu iwe usanabadwe."

"N'chifukwa chake ndikuti mwatopa. Dzana munali m'matope, mawa mudzakhala m'nyanja. Tiyeni tizipita mukapume."

"Mutu wanga uli bwinobwino."

"Ndiye tandionetsani pamene makinawa alakwitsa. Zonse zalembedwa apa. Werengani, mundilozere, ine ndibwerera ndekha."

Anawatembenuzira laputopu. Ine ndinkadziwa kuti sangawerenge. Iwonso ankadziwa. Ndinawaona akuyeza zinthu ziwirizo mmene ankayezera tebulo: avomere kuti mutu wapita, kapena avomere kuti maso apita. Anavula magalasi n'kuwaika pansi.

"Sindiona, Esinati. Ndi kale. Nkhope yakoyo ndikuiona ngati mtambo. Undiwerengere ndiwe, mokweza, chilembo chilichonse. Usadumphe kanthu."

Anti anawerama n'kuyamba kuwerenga.

"Mainasi faifi handiredi, kuchulukitsa ndi..."

"Bwereza."

"Mainasi faifi..."

"Fatsani!"

Dzina langa ndi limenelo. Ndinali nditafika kale pa mtengo wa mango wa kuseri, koma amayi amathamanga kuposa mmene amaonekera.

Anti atachotsa kamzere kaja, muvi unatembenuka n'kuloza m'munda mwa mayi Naphiri, kumene kunali chikhomo. A Levulo anaseka mpaka kutsokomola. Che Saidi anati poyamba paja ndi pamene unkanena zoona, apa makina angoopa mwini wake. Ku Lilongwe a Levulo anapitabe tsiku lomwelo, koma ndi sutikesi imodzi, ndipo ulendo wake unali wa kuchipatala cha maso. Asanakwere anamulumbiritsa mwana wawo pamaso pa Che Saidi kuti adzawabweza. Za chilango changa anati aliyense asandikhudze, akufuna adzachione ndi maso awo.

Anthu amati ndinatsala pang'ono kusamutsa nkhalamba pakhomo pake. Ine ndimati pakanapanda mainasi yanga, akanamwalira akugwira Baibulo chadodolido. Amayi amati ndikadzabwerezanso mawu amenewa adzandipotokola khutu, koma sanandiuzepo pamene ndalakwitsa.

Anabwerako mpunga utakololedwa, akuona ndi nyerere zomwe. Mudzi unaona zakuda. Kale ankakangana ndi zinthu zimene aziyeza, tsopano ankakangana ndi chilichonse chimene achiona: denga la barbershopu, mzere wa mbatata wa amayi, kolala ya yunifolomu yanga. Atandiyang'ana koyamba anati masiku onsewa ankaganiza kuti ndine mwana wooneka bwino. Ku komiti anapita ndi laputopu yawo, muvi ukuloza koyenera, nawaonetsa pamene watalikitsitsa. A komiti anaomba m'manja, anati aziona, ndipo mpaka lero akuzionabe. Zimenezi zinawapweteka kuposa mainasi yanga. Ankabwerera kumsonkhano uliwonse akuyankhula okha, kufika pakhonde n'kukalipira ine, ngati gireda ndinayendetsa ndine. Chibayo chinawatenga chaka chatha nkhaniyo ikadali pakamwa. Pakhonde pawo anachokapodi atanyamulidwa.

Koma chilango changa anachiona, ndipo anachikonza mwaluso. Linali tsiku la msika. Anaika mpando pa chikhomo paja, munda utauma, n'kuuyeza ndi kalevulo. Anandimanga chingwe cha Che Saidi m'chiuno, mbali inayo ili m'manja mwawo. Anandipatsa muvi wa thabwa wopaka penti yofiira, wautali ngati ine ndemwe. Ntchito yanga inali yokhala kadontho: kuyenda m'mphepete mwa kona, kupita ndi kubwerera, pokhota kwambiri ndiutambasule muviwo kuloza kwa iwo, powongoka ndiutsitse. Ukangopotokera kubango, chingwe chinkakoka.

"Kadontho! Ukuloza kuti?"

"Kwa inu, agogo!"

"Chifukwa?"

"Chifukwa mukundikoka!"

"Wayamba kumva masamu, mbuzi iwe."

Iwo ankayesa ndichita manyazi. Manyazi ati? Akabaza ankachepetsa liwiro kuti andione bwino, ndipo tsiku limenelo palibe anagwa. Atsikana a Fomu 3 anadutsa popita kumsika, anadutsanso, n'kudutsanso opanda chogula. Yusufu wa dzino lothyoka anandibweretsera mandasi. Che Saidi anandinong'oneza kuti ndikaloza kubango kamodzi kokha andipatsa chambo. Ndinaloza, chingwe chinandigwetsa chamatako, chambo ndinadya. Sindinatchukepo chonchija chibadwire. Nditafunsa ngati tingabwerezenso msika wotsatira, anandigenda ndi chibuma, ndipo ndi maso atsopanowo sanaphonye.

Kona ikadalipo, sinasinthe. Akabaza akugwerabe kubango, ndipo akunenabe kuti kompyuta inkanena zoona poyamba paja. Ndikayesa kuwafotokozera za kukokedwa amandiseka, amati taonani mwini bodza akuphunzitsa. Laputopu inabwerera ku Lilongwe. Pakhonde patsala tebulo lokha, kapepala kopinda kakadali pansi pa mwendo wake, ndipo Che Saidi akamadutsa amayang'ana kumbali. Chikhomo chija mayi Naphiri, omwe aja analira mbande zawo, sanachizule. Amawokera mochizungulira.

Loweruka lija pochokera kumanda ndinaima pokhota kwambiri paja n'kutambasula dzanja kuloza m'kati. Mpunga wokhawokha, ndi kansonga ka chikhomo. Ndiye ndinatembenuka dala n'kuloza kubango, nthawi yaitali ndithu, chiuno nditachilimbitsa. Palibe anakoka.